Kusefa zidziwitso za zochitika pa netiweki ya 5G: momwe ntchito ikuyendera

Cholinga cha ntchitoyi n'chakuti NEF (khomo lomwe netiweki ya 5G imaperekera zidziwitso kwa mapulogalamu akunja) izipereka kwa AF (pulogalamu yakunja yotero) zidziwitso zokhazo zimene AF inalembetsa, osati chilichonse chimene AMF (yoyang'anira kulembetsa ndi kuyenda kwa zipangizo) ndi SMF (yoyang'anira njira za data za zipangizo) zaona. AF yake ndi pulogalamu yoyang'anira zipangizo zolondolera magalimoto, ndipo imafuna kuuzidwa zinthu zitatu: chipangizo chikalowa kapena kutuluka m'dera lomwe yasankha, chipangizo chikasowa pa netiweki, ndiponso PDU session (njira ya data ya chipangizo) ikatseguka kapena kutsekeka pa DNN (dzina la netiweki ya data) imodzi yokha. Mu labu muli ma AMF awiri, SMF imodzi, UDM (yosunga mbiri ya olembetsa), NRF (kaundula wa zigawo za netiweki), NEF yomwe tikukonza, ndi pulogalamu yoyerekezera ma gNB (masiteshoni a wailesi a 5G) pamodzi ndi zipangizo 10,000. PLMN, kutanthauza netiweki ya mafoni yomwe tikugwiritsa ntchito, ndi yoyesera ya MCC (nambala ya dziko) 001 ndi MNC (nambala ya netiweki) 01. Tikutsatira Release 17 ya 3GPP (bungwe lolemba miyezo ya ma netiweki a mafoni), yomwe inamalizidwa mu 2022, chifukwa njira yochotsera chipangizo chimodzi pa subscription (kulembetsa kuti uzilandira zidziwitso) ya gulu popanda kuphwasula yonse inabwera mu Release imeneyi.

Lolemba: sefa ikhale pati

Malo omwe chidziwitso chingatayidwe alipo atatu: pa gNB, pa AMF kapena SMF, ndi pa NEF. Chosavuta kulemba n'kulembetsa LOCATION_REPORT ku AMF ndi sefa ya CELL_ID, n'kuisiya NEF kuti iziyerekeza cell (kadera kamodzi ka wailesi) iliyonse ndi dera la AF. Njira imeneyi taikana. AMF ikapemphedwa malo a pa cell imatumiza Location Reporting Control ku gNB kudzera pa NGAP (protocol yomwe AMF ndi gNB zimalankhulirana), ndipo kuyambira pamenepo chipangizo chikangosintha cell gNB imanena, ngakhale ma cell onsewo akhale a gNB imodzimodzi. Uthengawo umadutsa pa N2 (njira yolumikiza gNB ndi AMF), AMF n'kuusandutsa JSON, n'kuutumiza pa HTTP/2, kenako NEF n'kuutaya. Mu labu tinaika kuti chipangizo chilichonse chizisintha cell pa mphindi 2 zilizonse. Pa zipangizo 10,000 amenewo ndi mauthenga pafupifupi 83 pa sekondi, pomwe AF ikungofuna ochepa a zipangizo zomwe zadumpha malire.

Tasankha PRESENCE_IN_AOI_REPORT, yomwe imalankhula pokhapokha chipangizo chalowa kapena chatuluka m'dera. Dera likalembedwa ndi ma TAI (manambala a madera omwe netiweki imalondolera nawo zipangizo), AMF imatha kugamula yokha. Likalembedwa ndi ma cell kapena ma gNB, AMF imapempha gNB kuti izinena za kudumpha malire kokha, ndiye sefa imatsikira mpaka pa wailesi.

Mtengo wake ulipo. Chomwe chatayidwa kugwero sichibwereranso, ndipo NEF singachifunse pambuyo pake. Choncho tagawa motere: sefa ya dera, ya DNN ndi ya S-NSSAI (chizindikiro cha slice, gawo la netiweki lopatulidwira ntchito inayake) zipite kugwero, chifukwa n'zomwe zimadula katundu wambiri. Sefa yokhudza mgwirizano ndi AF, monga kuti AF iyi ikuloledwa kuona chiyani, ikhale pa NEF, chifukwa AMF siidziwa AF ndipo siyenera kuidziwa.

Lachiwiri: subscription yoyamba ku AMF

NEF imapempha kaye UDM kuti imasulire dzina lakunja la gulu, lija loyamba ndi extgroupid, kukhala dzina lamkati. Ikatero imachita POST ku /namf-evts/v1/subscriptions, monga mwa chikalata cha 3GPP cha TS 29.518. M'thupi la pempholo muli eventList yokhala ndi chochitika chimodzi, areaList yake, groupId, eventNotifyUri, notifyCorrelationId, nfId ya NEF, ndi options momwe trigger ndi CONTINUOUS. AMF ikavomera imayankha 201, ndipo adiresi ya subscription imakhala mu header ya Location. Chidziwitso chilichonse chikabwera, NEF imayankha 204.

Pali zinthu ziwiri zomwe zasintha kalembedwe ka pulogalamu.

Choyamba ndi immediateFlag. Popanda iyo, AF siuzidwa kanthu za chipangizo chomwe chinali kale m'dera pa nthawi yolembetsa, mpaka tsiku lomwe chidzatuluke. Ikaikidwa, AMF imanena momwe zinthu zilili pompopompo. Koma lipoti loyambali limatha kubwera mkati mwa yankho la 201, mu reportList, kapena kubwera palokha ngati chidziwitso, makamaka subscription ikapangidwa ndi UDM m'malo mwa NEF. Sefa ikangoyang'ana khomo limodzi, malipoti oyamba a njira inayo amadutsa osasefedwa kapena amasowa. Tsopano njira zonse ziwiri zikulowera pa function imodzi.

Chachiwiri ndi mpikisano wa nthawi. Chidziwitso chimatha kufika NEF isanamalize kuwerenga yankho la 201, kutanthauza kuti isanadziwe n'komwe adiresi ya subscription. NEF ikamafufuza mwini chidziwitso pogwiritsa ntchito adiresiyo, siimupeza. Yomwe imathandiza ndi notifyCorrelationId, chizindikiro chomwe chimabwera ndi chidziwitso chilichonse, chifukwa timaipanga tokha. Timailemba mu database pamodzi ndi malamulo a sefa tisanatumize POST, ndipo adiresi timadzaiwonjezera yankho likabwera. POST ikakanika, mzerewo timaufufuta.

Lachitatu: sefa yosalola chilichonse

Poyesa koyamba ndi zipangizo zoyenda, AF sinalandire chidziwitso ngakhale chimodzi, koma palibe chomwe chinadandaula. AMF inayankha 201, NEF inali bwinobwino, ma log anali oyera. Apa ndi pomwe kusefa kumasiyana ndi ntchito zina za pa netiweki: sefa ikalola zambiri aliyense amaona msanga chifukwa seva imalemedwa, koma ikakana zonse pamangokhala zii, ndipo zii ameneyu sasiyana ndi wa tsiku lomwe palibe galimoto yadumpha malire.

Vuto linali pa TAC, nambala ya dera yomwe ili mkati mwa TAI. Mu 4G TAC ndi ya ma octet 2 (octet ndi ma bit 8), mu 5G ndi ya ma octet 3, ndipo mu JSON imalembedwa ndi zilembo za hex 4 kapena 6. Tebulo lomwe NEF imagwiritsa ntchito posandutsa dera la pa mapu kukhala ma TAI linali ndi "00A1", pomwe gNB imalengeza "0000A1". Zonse ziwiri n'zololedwa malinga ndi TS 29.571, n'chifukwa chake palibe chinakanidwa. Kungoti sizifanana zikamayerekezedwa ngati mawu.

Titaona izi tinayendera malo onse omwe sefa imayerekeza zinthu ziwiri, ndipo misampha ya mtundu womwewu yapezeka ingapo. Hex imaloledwa ndi zilembo zazikulu kapena zazing'ono, ndiye "a1" ndi "A1" ziyenera kutengedwa ngati chimodzi. Nambala ya cell ya NR (5G) ndi ya ma bit 36, zilembo 9, pomwe ya E-UTRA (4G) ndi ya ma bit 28, zilembo 7, ndipo zimakhala m'mindandanda yosiyana, ncgiList ndi ecgiList. Zonsezi tsopano timazisandutsa manambala tisanayerekeze, koma timasunga chizindikiro chonena kuti nambalayo ndi ya 4G kapena 5G.

MNC yokha siyenera kuchitidwa zimenezi. Imakhala ya manambala 2 kapena 3, ndipo "01" ndi "001" ndi ma netiweki awiri osiyana. Ukaisandutsa nambala, onse amakhala 1. Imeneyi imayerekezedwa ngati mawu, kutalika kwake n'kuwerengedwanso. Chosokoneza n'chakuti mkati mwa DNN yathunthu MNC imalembedwa ndi manambala 3 nthawi zonse, moti netiweki yathu ya 01 imaoneka ngati mnc001.mcc001.gprs kumapeto kwa dzina. DNN yomweyo imatha kubwera ndi mchira umenewu kapena popanda, komanso zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizisiyanitsidwa. Timadula mchirawo ngati ndi wa PLMN yathu, n'kutsitsa zilembo zonse, kenako n'kuyerekeza.

Pa S-NSSAI, SST (mtundu wa slice) ndi nambala ya ma bit 8 ndipo siivuta. SD (yosiyanitsa ma slice a mtundu umodzi) ndi ya ma bit 24, koma ikhoza kusakhalapo, ndipo FFFFFF inasungidwa kuti izitanthauza kuti SD palibe. Choncho slice ya SST 3 yopanda SD ndi ya SST 3 yokhala ndi FFFFFF n'chimodzi. Koma kusowa kwa SD sikutanthauza "SD iliyonse", ngakhale anthu ambiri olemba ma AF amaganiza choncho. Yemwe akufuna ma slice onse a SST 3 ayenera kuwatchula limodzilimodzi.

Msampha womaliza ndi wa mndandanda wopanda kanthu. Sefa ikasowa m'pempho, tanthauzo lake nthawi zambiri n'lakuti zonse zidutse. Ikakhalapo koma ili yopanda kanthu, ma schema ambiri a 3GPP amaikana chifukwa amafuna chinthu chimodzi kapena kuposa. Library yathu ya JSON imasandutsa zonse ziwiri kukhala mndandanda wopanda kanthu, ndiye kusiyanako kumatayika. Tsopano NEF imakana pempho lotere ndi 400 lisanafike pa library.

Chofunika kuposa zokonza zonsezi ndi kuwerenga zotayidwa. Chidziwitso chilichonse chomwe NEF yataya chimawonjezera kawuntala yokhala ndi chifukwa chake: dera silinafanane, DNN sinafanane, n'chobwereza, AF siloledwa, mwini sakudziwika. Pa zomwe zimatayidwa ku AMF sitingawerenge, ndiye taika chipangizo chimodzi cholondera chomwe chimadumpha malire dala pa mphindi 5 zilizonse. Pakadutsa mphindi 15 NEF isanamve za icho, alamu imalira.

Lachinayi: chipangizo chikagona

Zipangizo zolondolera zimakhala nthawi yaitali mu CM-IDLE, kutanthauza kuti zagona ndipo sizikulumikizana ndi AMF. Pamenepo AMF siidziwa cell yomwe chipangizo chili. Imangodziwa registration area yomwe inachipatsa, yomwe ingakhale ndi ma TAI mpaka 16, ndipo chipangizo chimayenda mwakachetechete mkati mwa ma TAI amenewo osanena kanthu. Registration area yonse ikakhala mkati mwa dera la AF, AMF imanena IN_AREA mosakayika. Yonse ikakhala kunja, OUT_OF_AREA. Ikakhala kuti mbali ina ili mkati ina kunja, yankho loona ndi UNKNOWN. Zofanana zimachitika mu RRC Inactive, komwe ndi kugona kwa mbali ya wailesi yokha: kwa AMF chipangizo chimaoneka cholumikizidwa, koma gNB imangodziwa kuti chili penapake mu RAN notification area.

Panali maganizo oti NEF izitaya UNKNOWN kapena iziiwerenga ngati OUT_OF_AREA kuti AF isavutike. Zonse ziwiri n'zolakwika. Kuitaya kumasiya AF ikukhulupirira kuti galimoto idakali m'dera pomwe netiweki yasiya kutsimikiza. Kuiwerenga ngati kutuluka kumadzutsa alamu yabodza nthawi iliyonse chipangizo chikagona pafupi ndi malire. Tagwirizana kuti UNKNOWN izipita kwa AF monga ilili, pamodzi ndi malo omaliza odziwika ndi ageOfLocationInformation, yomwe imawerengedwa mu mphindi, kuyambira 0 mpaka 32767. AF igamule yokha kuti malo a mphindi 40 zapitazo ndi othandiza kapena ayi.

Njira yochepetsera UNKNOWN ili mbali ya AMF: kupatsa zipangizo za gululi registration area yosadumpha malire a dera. Imagwira, koma ilinso ndi mtengo, chifukwa registration area ikachepa zipangizo zimalembetsa pafupipafupi. Sefa yooneka ngati yongowerenga yayamba kusintha khalidwe la netiweki. Tayatsa izi pa AMF imodzi yokha kuti tiyerekeze ndi inayo.

Vuto lina ndi la chipangizo choimikidwa pa malire penipeni, chomwe chimalumphalumpha pakati pa ma cell awiri ngakhale galimoto sikuyenda. Kulumpha kulikonse ndi chochitika choona kwa AMF, ndiye imanena zonse. Taika nthawi yodikira ya masekondi 30 pa NEF: kusintha kukabwera, NEF imakusunga, ndipo chipangizo chikabwerera komwe chinali nthawiyo isanathe, zonse ziwiri zimafafanizidwa n'kuwerengedwa pa kawuntala. Zimenezi n'zathu, si za mu subscription ya AMF, ndipo zikutanthauza kuti chidziwitso choona chilichonse chimachedwa ndi masekondi 30. AF ikhoza kuchepetsa nthawiyi mpaka 0 ngati ikufuna liwiro kuposa bata. Powerenga nthawi timagwiritsa ntchito timeStamp ya mu lipoti, osati nthawi yomwe lafika, chifukwa ma stream a HTTP/2 salonjeza kufika motsatana, ndipo uthenga wobwerezedwa pambuyo pa kulephera umatha kufika wotsatira wake atadutsa kale.

Lachisanu: kusowa pa netiweki

LOSS_OF_CONNECTIVITY imadutsa ku UDM. AF imapempha pa MonitoringEvent API ya TS 29.122, NEF n'kupanga subscription ya Nudm_EE, UDM n'kukalembetsa ku AMF yomwe ikusunga chipangizocho. Zidziwitso zimachoka ku AMF kupita ku NEF mwachindunji.

Mu Release 17, AMF imati chipangizo chasowa pa zifukwa zitatu: DEREGISTERED, MAX_DETECTION_TIME_EXPIRED ndi PURGED. AF yathu ikufuna chachiwiri chokha, chifukwa chipangizo chomwe chazimitsidwa mwadongosolo n'kutsazika si nkhani, koma chomwe changoti zii ndiye chikhoza kukhala chazulidwa. Kusankha chifukwaku kukuchitikira pa NEF, ndipo katundu wake ndi wochepa.

Chomwe chikufunika kusamala ndi maximumDetectionTime, nthawi yomwe ingadutse chipangizo chili zii chisananenedwe kuti chasowa. Ambiri amaiona ngati gawo la sefa, koma si choncho. Netiweki imadziwa kuti chipangizo chasowa mobile reachable timer ikatha. Mwachizolowezi timer imeneyi imaposa T3512 (nthawi yomwe chipangizo chimalembetsa mobwereza) ndi mphindi 4, ndipo T3512 ndi mphindi 54, ndiye chipangizo chikazulidwa netiweki ingatenge mphindi 58 isanadziwe. AF ikapempha kudziwa msanga, njira yokhayo n'kufupikitsa nthawi yomwe chipangizo chimalembetsa mobwereza. Pa mphindi 54, zipangizo 10,000 zimabweretsa ma registration pafupifupi 3 pa sekondi. Pa mphindi 10, amakhala pafupifupi 17 pa sekondi, ndipo batire la chipangizo chilichonse limadzutsidwa kupitirira kasanu kuposa kale. Taika malire a pansi pa NEF, ndipo pempho lotsika kuposa pamenepo limakanidwa ndi chifukwa chomveka. Tawonjezeranso chenjezo m'zolemba za AF: nthawi yatsopano imayamba kugwira chipangizo chikadzalembetsanso n'kulandira Registration Accept, osati pa nthawi yomwe subscription yapangidwa.

Lolemba lotsatira: mbali ya SMF

Iyi yayenda popanda zambiri. Subscription ya Nsmf_EventExposure ya TS 29.508 ili ndi malo a groupId, dnn ndi snssai, ndipo talembetsa PDU_SES_EST ndi PDU_SES_REL ndi notifMethod ya ON_EVENT_DETECTION. Zokonza za Lachitatu pa DNN ndi SD zagwiranso kuno. Mu labu SMF ndi imodzi, koma pulogalamu ikufunsa kale NRF za ma SMF onse otumikira DNN ndi slice imeneyi n'kulembetsa kwa iliyonse.

Lachiwiri: chipangizo chikasamukira ku AMF ina

Subscription ya chipangizo chimodzi imasamuka pamodzi ndi UE context (zonse zomwe AMF imasunga za chipangizocho). AMF yatsopano imaipatsa adiresi yatsopano n'kutumiza SUBSCRIPTION_ID_CHANGE ku subsChangeNotifyUri. Wolembetsa akapanda kupereka adiresi imeneyi, kapena akapanda kusintha zomwe anasunga, zidziwitso zimabwerabe bwinobwino, ndipo vuto limadzaonekera tsiku lofufuta: DELETE imapita ku AMF yakale, yankho ndi 404, wolembetsa n'kuganiza kuti zatha, pomwe AMF yatsopano ikutumizabe. Sefa yathu yamkati imataya zochitika zonse zomwe AF sinapemphe, ndiye tapatula SUBSCRIPTION_ID_CHANGE ndi SUBSCRIPTION_ID_ADDITION kuti zizigwiridwa sefa isanafike.

Subscription ya dera ya gulu lonse tikuipanga pa AMF iliyonse yotumikira ma TAI a deralo. Mndandanda wa ma AMF umachokera ku NRF, ndipo powerenga profile tiyenera kuyang'ana taiList ndi taiRangeList zonse, chifukwa AMF yokhala ndi ma TAI ambiri imalengeza poyambira ndi pothera m'malo motchula iliyonse. Kuti tidziwe AMF yatsopano ikabwera, NEF yalembetsanso ku NRF pa NF_REGISTERED, NF_DEREGISTERED ndi NF_PROFILE_CHANGED. Subscription imeneyi nayonso imafuna sefa: profile ya AMF imasintha pafupipafupi chifukwa cha load yokha, ndiye mu notifCondition tatchula kuti tikufuna kumva za nfStatus ndi ma TAI basi.

Dera lathu loyesera lili ndi ma TAI mbali zonse za ma AMF awiri. Chipangizo chikasamuka mkati mwa deralo, AMF yachiwiri ikhoza kunena IN_AREA ngati kuti changolowa kumene. NEF tsopano imasunga momwe chipangizo chilichonse chinalili komaliza pa dera lililonse, ndipo lipoti lofanana ndi lomwe lasungidwa limatayidwa ngati lobwereza. Pa zipangizo 10,000 ndi madera 20 imeneyo ndi mizere 200,000, yomwe si yambiri, koma iyenera kukhala mu database yogawana. Ikakhala m'makumbukidwe a NEF imodzi, NEF ikangoyambiranso AF imalandira chigumula cha kulowa kwabodza.

Lachitatu: kuphatikiza ma subscription a ma AF awiri

Ma AF awiri akapempha chinthu chofanana pa gulu limodzi, n'kuwononga kuti AMF izitumiza uthenga womwewo kawiri. Release 17 inabweretsa DCCF (gawo logwirizanitsa mapempho a data) pa chifukwa chomwechi mbali ya kusonkhanitsa data ya NWDAF (gawo lounika data ya netiweki). Tikuchita zofananako mkati mwa NEF: subscription imodzi kupita ku AMF, masefa awiri pobwerera.

Kuphatikizaku kuli ndi malo omwe kumasweka. AF yoyamba ikufuna dera X, yachiwiri ikufuna dera Y loyandikana nalo. Tikalumikiza ma TAI onse kukhala dera limodzi lalikulu, chipangizo chochoka ku X kupita ku Y sichidumpha malire aliwonse m'maso mwa AMF, ndipo ma AF onse awiri samva kanthu pa chochitika chomwe onse amachifuna. Madera sayenera kusungunulidwa. Lililonse likhala palokha mu areaList ndi praId (chizindikiro cha deralo) yake, ndipo timagawana subscription pokhapokha mndandanda wa ma TAI uli wofanana ndendende titausanja.

MaxReports, malire a chiwerengero cha malipoti, nayonso siigawika. Pa subscription ya gulu chiwerengerochi chimagwira pa chipangizo chilichonse pachokha, osati pa gulu lonse, moti maxReports ya 5 pa zipangizo 10,000 ingabale malipoti 50,000. AF imodzi ikafuna 5 inayo ikufuna mosalekeza, ku AMF sitiika malire, ndipo NEF imawerenga yokha pa AF iliyonse ndi chipangizo chilichonse.

SampRatio yabweretsa kusamvana. Ndi nambala yochokera pa 1 mpaka 100, ndipo imasankha zipangizo, osati zochitika. Kuika 10 kukutanthauza kuti zipangizo pafupifupi 1,000 zizinena zonse, 9,000 zotsalazo osanena kanthu. Kwa NWDAF yofuna chithunzi cha momwe anthu akuyendera n'zabwino ndithu. Kwa pulogalamu yolondolera magalimoto n'zopanda ntchito, chifukwa galimoto yomwe yasowa ikhoza kukhala mwa 9,000 zija. Subscription iliyonse yokhala ndi sampRatio siiphatikizidwa ndi ina.

Pofufuta, NEF imawerenga kuti ndi ma AF angati akudalira subscription ya pansi, ndipo DELETE imapita ku AMF womaliza akachoka.

Lachinayi: kutha kwa nthawi, kulemedwa, ndi zomwe siziyenera kutuluka

Expiry yomwe timapempha si lamulo kwa AMF. Ili ndi ufulu wobwezera nthawi yaifupi, ndipo imayenera kuzisiyanitsa kuti ma subscription ambiri asathe pa sekondi imodzi. Yogwira ndi ya mu yankho. NEF imatalikitsa ndi PATCH pa /options/expiry nthawi ikatha magawo 80 pa 100, kuwonjezerapo masekondi ochepa osankhidwa mwachisawawa. PATCH ikabwera ndi 404, timapanga subscription yatsopano ndi immediateFlag, ndipo tebulo la momwe zipangizo zinalili limatulutsa zokhazo zomwe zasintha pa nthawi yomwe panalibe womvera.

Mbali ya AF, seva yake ikalemedwa imayankha 429 kapena 503. NEF imalemekeza Retry-After ndipo imasunga zidziwitso pa mzere wa AF imeneyo yokha, kuti AF yochedwa isatsekereze anzake. Mzere ukadzaza, pa zochitika za dera timasunga lomaliza la chipangizo chilichonse n'kutaya apakati. Pa LOSS_OF_CONNECTIVITY sititaya kanthu. Pomwe AF yavomera, timagwiritsanso ntchito group reporting guard time, yomwe imasonkhanitsa malipoti a gulu kwa kanthawi n'kuwatumiza pamodzi. Imathandiza kwambiri gNB ikazima, zipangizo zambiri n'kusowa nthawi imodzi. NotifFlag ya DEACTIVATE, yomwe imauza gwero kuti lisunge malipoti mpaka litapemphedwa ndi RETRIEVAL, taisiya kaye, chifukwa ikungosamutsira vuto la malo osungira ku AMF.

Sefa yomaliza ndi ya zomwe zili mkati mwa uthenga. Lipoti la AMF limabwera ndi SUPI (nambala yamkati yosasintha ya wolembetsa), nthawi zina ndi PEI (nambala ya chipangizo chenichenicho), ndi nambala ya cell. AF yakunja siyenera kuona SUPI. NEF imaika GPSI (chizindikiro chogwiritsa ntchito kunja kwa netiweki) m'malo mwake, ndipo GPSI ikasowa lipotilo silituluka, limangowerengedwa pa kawuntala yake. Thupi la uthenga wopita kwa AF timalimanga kuyambira pachiyambi ndi zinthu zololedwa zokha, osati kutenga la AMF n'kumachotsamo zoletsedwa, chifukwa Release yatsopano ikawonjezera chinthu chomwe sitikuchidziwa, njira yachiwiriyo ingachilole kudutsa. Chipangizo chikachotsedwa pa gulu, NEF imachitsekera pompo pa sefa yake, kenako n'kutumiza excludeSupiList ku ma AMF. Dongosolo lake ndi limenelo dala: PATCH ingachedwe kapena kulephera pa AMF imodzi, koma AF isalandire malo a chipangizo chomwe sichilinso chake.

Zomwe zatsala

Kuyerekeza kwa ma AMF awiri pa kukula kwa registration area kukadali mkati. Tikufuna kuona kuchuluka kwa UNKNOWN ndi kwa ma registration pa tebulo limodzi tisanasankhe.

Chachikulu chomwe sichinakhudzidwe ndi chipangizo chikagwera pa 4G kudzera pa N26 (njira yolumikiza AMF ndi mbali ya 4G). Pamenepo chimakhala m'manja mwa MME (mnzake wa AMF mu 4G), ndipo malipoti amayenda njira ya SCEF (mnzake wa NEF mu 4G), pa Diameter, T6a kuchokera ku MME ndi S6t kupita ku HSS (mnzake wa UDM mu 4G), njira yomwe inayamba mu Release 13. Dera lililonse lifunika kukhala ndi ma TAI a ma octet 2 ndi ma ECGI (manambala a ma cell a 4G) pambali pa a 5G, ndipo tebulo la momwe zipangizo zinalili liyenera kulandira malipoti ochokera mbali zonse ziwiri pansi pa GPSI imodzi. Mpaka zimenezi zitatheka, chipangizo chikachoka pa 5G NEF iziuza AF kuti UNKNOWN. Pulogalamu yoyerekezera ikufunikanso eNB (siteshoni ya wailesi ya 4G) imodzi ndi MME, komanso chipangizo cholondera chachiwiri chomwe chizidumpha malire chili pa 4G.